Corolla ya 1996: zomwe ndatsegula, zomwe ndapeza ndi zomwe zatsala

Yafika pakhomo

Nde anzanga, ndagula galimoto, Corolla ya 1996, injini 4A-FE ya 1.6, otomatiki ya magiya anayi. Ndiziika pano chilichonse chomwe ndikuchita nayo, mwina wina amene akufuna kugula yakale ngati iyiyi angatolepo kanthu. Pa dashibodi ikuonetsa makilomita 180,000 ndi kenakake koma nambala imeneyo sindikuikhulupirira olo pang'ono, chifukwa labala wa pedulo ya buleki watha mpaka chitsulo chikuonekera pakona, chiwongolero chasalala pamwamba ndipo mpando wa dalaivala waphwa mbali yotulukira. Bambo amene andigulitsa akuti sevisi ankapanga nthawi zonse, koma buku la sevisi palibe, lisiti palibe, olo kasitika ka oilo pa chitseko palibe. Sindikunena kuti akunama, mwina ankapangadi, kungoti mawu a pakamwa sangandiuze kuti lamba wa timing, amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi mavalavu, ali ndi zaka zingati.

Choncho lamulo langa pa galimoto iyi ndi limodzi basi: chilichonse chomwe sindingatsimikize kuti chinasinthidwa liti, ndikuchitenga ngati sichinasinthidwepo. Ndipo makilomita sindikuwayang'ana kwambiri, ndikuyang'ana zaka. Chitsulo chimatha ndi kuyenda, koma labala, pulasitiki ndi zamadzimadzi zonse zimakalamba olo galimoto itangokhala mu garaja osayenda. Galimoto yoti yayenda pang'ono koma ndi ya 1996 mapaipi ake a labala ndi a 1996 omwewo.

Ndisanapereke ndalama ndinapempha kuti ndiipeze isanalizidwe tsiku limenelo, ndinagwira injini ndi dzanja kutsimikiza kuti ndi yozizira. Injini yotentha kale imabisa zambiri, kuvuta kulira, kugogoda kwa masekondi oyamba aja, utsi. Utsi wa buluu ndi oilo akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka, woyera wokhuthala wosatha olo injini itatentha ndi madzi akulowa mu silinda ndipo pamenepo ndikanatembenuka kubwerera. Iyi inangotulutsa kautsi ka buluu pang'ono polira kenako zii, zomwe nthawi zambiri zimakhala ma valve stem seal (timalabala totchinga oilo pa mavalavu) ouma, oilo amatsikira pang'onopang'ono usiku. Pansi pa chitsekerero cha oilo panalibe zoyera zonga phala zija, mu radiyeta munalibe thovu injini ikulira. A makaniko anga anabwera ndi geji ya compression, yoyeza mphamvu yomwe silinda imafinyira mpweya, masilinda onse anayi anali pakati pa 175 ndi 185 psi. Buku la injini iyi limati isatsike pansi pa 142 ndipo kusiyana kwa silinda ndi inzake kusapose 14, nde mkati mwa injini muli bwino. Zotsalazo ndi zoti munthu ukhoza kumasula ndi sipanala, ndi chifukwa chake ndagula.

Ndondomeko yake: poyamba zomwe zingandiphe ine, kenako zomwe zingaphe injini, zokometsera pamapeto. Wailesi siikugwira, AC siikuzizira, zimenezo zidikire.

Loweruka, matayala ndi mabuleki

Matayala akuoneka okongola, mizere yakuya bwinobwino, wogulitsa anachita kuwapaka zonyezimiritsa zija. Koma m'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndi tsiku lobadwa la tayalalo, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Akutsogolo alembedwa 3814, kutanthauza sabata ya 38 ya 2014. Akumbuyo ndi a makampani awiri osiyana, lina lili ndi timing'alu tambirimbiri pakati pa mizere. La sipeya nde kkkk, lili ndi manambala atatu okha, ndipo manambala atatu amatanthauza kuti linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, mwina ndi lomwe galimoto inatuluka nalo ku fakitale. Opanga matayala ambiri amati likafika zaka 10 lichotsedwe olo mizere ikhale yakuya bwanji, chifukwa labala amauma, pa msewu wonyowa sagwira, ndipo pa liwiro akatentha akhoza kusupuka. Mizere yokha malire ake ndi 1.6 mm, pali timizere topingasa mkati mwa ngalande za tayala, tikafanana ndi pamwamba basi latha. Onse asanu ndawalemba kuti achoke, koma alayimenti ndipanga pamapeto ndikamaliza za pansi, apo ayi ndipanga kawiri.

Mabuleki kutsogolo ndi disiki kumbuyo ndi dramu. Galimoto ndaikweza ndi jeke kenako ndaikhazika pa ma stand, chonde abale musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Ma pad a kumanzere, ya mkati yatha mpaka yatsala pang'ono kufika pa chitsulo pomwe ya kunja idakali yonenepa, ukaona choncho dziwa kuti ma slide pin, tizitsulo tomwe caliper (chofinyira ma pad) imatsetserekapo, agwira. Inde ndithu, imodzi ndinachita kuipotokola ndi pulayazi kuti ituluke, youma gwa, dzimbiri lokhalokha. Ndaitsuka, ndaipaka girizi wa mabuleki wa silicone, osati girizi wamba chifukwa wamba amatupitsa timalabala take. Ma pad atsopano mbali zonse ziwiri, sasintha mbali imodzi.

Kumbuyo nditachotsa dramu ya kumanja ndapeza fumbi lonse lanyowa lasanduka matope akuda, nditasenda kalabala ka wheel cylinder, kasilinda kokankha ma shoe a buleki, fluid ya mabuleki yatuluka. Iyi ndi liki yoti kunja siioneka, umangodabwa kuti fluid mu kabotolo ikutsika pang'onopang'ono. Ma cylinder onse awiri asinthidwa pamodzi ndi ma shoe chifukwa shoe yomwa fluid siitsukika. Mapaipi a labala opita ku mawilo ndawapinda ndi dzanja ndikuwalitsa tochi, awiri akutsogolo ali ndi ming'alu pafupi ndi chitsulo, nawonso apita.

Brake fluid yomwe inalimo inali yakuda bii. Anthu ambiri fluid amangowonjezera osasintha, koma fluid ya mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 imayamwa chinyezi cha mu mpweya. DOT 3 yatsopano imawira pa 205°C, ikamwa madzi imatsika mpaka cha m'ma 140, DOT 4 imachoka pa 230 kufika 155. Nde ukamatsika phiri lalitali phazi lili pa buleki, fluid ikawira imapanga mpweya, mpweya umafinyika, pedulo imangolowa pansi osagwira. Komanso madzi omwewo ndi amene amadya ma cylinder mkati. Pakatha zaka ziwiri zilizonse isinthidwe. DOT 5 ndi ya silicone, siisakanizidwa ndi zinazi, musapusitsidwe ndi nambala yaikulu. Potulutsa mpweya tayambira wilo ya kutali ndi master cylinder (pampu yomwe pedulo imakankha) kumalizira ya pafupi, ndipo a makaniko anaika kathabwa pansi pa pedulo kuti popopa isafike pansi penipeni. Akuti pa galimoto yakale, kumapeto kwa master cylinder komwe pisitoni siifikako masiku onse kumakhala dzimbiri, ukaikankhira kumeneko ma seal amang'ambika nde umamaliza kutulutsa mpweya m'mabuleki uli ndi vuto latsopano. Manati a mawilo tamanga pa 103 Nm ndi torque wrench, osati kudumphira pa sipanala.

Lamulungu masana, oilo

Iyi ndi yachangu. Ndasuzumira ndi tochi pa bowo lothirira oilo, mkati ndi mwa bulawuni wagolide, palibe zamatope zakuda zoundana, nde mwina bambo aja oilo ankasinthadi. Mankhwala otsukira injini aja sindithira, pa injini yakale akhoza kugumula zinyalala nthawi imodzi n'kukatseka sefa ya pampu ya oilo mu sampu. Bola kuthira oilo wabwino, kuyenda naye pang'ono, kusinthanso msanga. Ndathira 10W-40, malita atatu ndi pang'ono, washa watsopano pa bawuti la sampu, filita yatsopano. Mukamachotsa filita yakale onetsetsani kuti labala wake watuluka nayo, akatsalira pa injini n'kumangirapo ina pamwamba oilo yense amathera pansi mphindi zochepa.

PCV valve, kachinthu kakang'ono pamwamba pa valve cover, ndakachotsa ndikukagwedeza pafupi ndi khutu, kamayenera kulira kuti tcheketcheke, aka kali chete kagwira. Kakatsekeka mpweya wa mkati mwa injini umasowa kotulukira nde umakankha oilo pa ma seal onse, munthu n'kumasintha ma gasket osatha pomwe vuto ndi kameneka. Filita ya mpweya yasinthidwa. Ya petulo ili mu boneti momwemo cha pansi, nati yake ya pansi ndi yolimba zoopsa ndipo ukagwiritsa sipanala wamba imabulungika, pamafunika flare nut spanner, nde ndaisiya ikumwa mafuta ofewetsa dzimbiri mpaka sabata ya mawa.

Za madzi, apa nde pandidyera nthawi

Injini zakale zambiri zomwe ndaziona zitafa sizinafe ndi ukalamba, zinafa tsiku limodzi chifukwa chowira. 4A-FE buloko yake ndi ya chitsulo koma hedi ndi ya aluminiyamu, ikatentha mopyola hedi imapindika, gasiketi imapsa, ndipo zonsezo zikhoza kuyamba ndi kapaipi kakang'ono kamodzi kophulika pa msewu.

Nditatsegula kapulagi ka pansi pa radiyeta, injini itazizira kaye, mwatuluka madzi ofiira a dzimbiri, coolant mulibe olo fungo. Ena amaganiza kuti coolant ndi ya kumaiko kozizira kokha kuti madzi asaundane, ayi, muli mankhwala oletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu, komanso imakweza pomwe madzi amawirira. Madzi okhaokha amadya mapiko a water pump, amatseka timipata ta radiyeta, amaboola ma core plug. Ndatsuka mobwerezabwereza mpaka madzi atayamba kutuluka oyera.

Pali chomwe ndimakayikira ndipo chapezekadi. Pobwera nayo kunyumba muvi wa temperecha unali pansi nthawi yonse, ukangokwera pang'ono pa mzere wa magalimoto n'kutsikanso ndikathamanga. Nditamasula housing ndapeza thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha, mulibe, wina anachotsa. Ndi chizolowezi cha amakaniko ena, galimoto ikamatentha amachotsa thermostat n'kunena kuti yachira, pomwe vuto lenileni, radiyeta yotsekeka kapena fani yosazungulira, lili pompo. Ndipo kuyenda opanda thermostat si zabwino ngati mmene amanenera, injini siifika pa kutentha komwe inapangidwira, kompyuta yake imaganiza kuti kudakali m'mawa nde imathira petulo wambiri, petulo uja amatsuka oilo pa makoma a silinda, galimoto imamwa mafuta ndipo imatha msanga mkati. Ndaika ya 82°C, kavalavu kake kogwederako kayang'ane m'mwamba kuti mpweya uzidutsa.

Nde funso linali loti anaichotseranji. Fani ndaiyesa, pa ma Toyota a nthawi imeneyi ukazula pulagi ya switch ya fani kiyi ali pa ON, fani imayenera kuzungulira yokha, yanga yazungulira nde motor ndi relay zili bwino. Radiyeta ndi imene yalakwa, thanki yake ya pamwamba ndi ya pulasitiki, yomwe inali yakuda pano yasanduka ya bulawuni wotuwa ndi timizere ngati ta tsitsi pafupi ndi khosi, ndipo injini itatentha ndayendetsa dzanja kutsogolo kwake, pakati pali malo ozizira kusonyeza kuti madzi sakudutsamo. Pulasitiki akasintha mtundu choncho sachedwa kuphulika. Radiyeta yatsopano, chitsekerero chatsopano cha 0.9 bar. Chitsekerero anthu amachipeputsa koma ndi chimene chimasunga presha, ndipo presha ndi imene imapangitsa kuti madzi apitirire 100°C osawira, chikafooka galimoto imataya madzi pang'onopang'ono popanda liki yooneka.

Mapaipi akuluakulu awiri a radiyeta aja aliyense amawaona. Ovuta ndi ang'onoang'ono, awiri olowa mkati ku hita ndi tina tozungulira pa throttle body, tobisika pansi pa manifold. Ndafinya kamodzi kamveka kuti khirikhiri mkati, kena katupa pafupi ndi kilipu chifukwa chodontheredwa oilo. Onse ndasintha pamodzi ndi makilipu. Coolant ndasakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, ndathira pang'onopang'ono, hita pa HOT, injini ikulira chitsekerero chili chotsegula mpaka thovu litatha ndipo fani yazungulira n'kusiya. M'mawa mwake ndayang'ananso levulo, yatsika pang'ono, ndawonjezera. Koma coolant yatsopanoyi ndiikhetseranso mu beseni loyera pochotsa water pump, zinangovuta kuti mapatsi a timing anachedwa kufika.

Lamba wa timing

Ntchito iyi ndawasiyira a makaniko, ine ndimangogwira tochi ndi kufunsa mafunso mpaka anatopa nane. Lamba wa injini izi amapatsidwa makilomita pafupifupi 100,000, koma monga ndanena zaka nazo zimawerengedwa. Titachotsa kava ya pamwamba, msana wa lamba ukunyezimira, malemba onse afufutika, ukaupinda timing'alu tikuoneka pa tsinde la mano. Ndipo m'munsi mwanyowa oilo wochokera pa crank seal, lamba wonyowa oilo amafewa n'kuthothoka mano.

Mwayi wake 4A-FE ili m'gulu la non-interference, lamba akaduka injini imangozima, mapisitoni sagunda mavalavu. Koma musatengere pamenepo, injini zambiri sizili choncho, ma Honda a D-series kapena 1.9 TDI ya Volkswagen lamba akaduka mavalavu amapindika nthawi yomweyo ndipo hedi yonse imatsika. Nde musanagule galimoto yakale fufuzani zinthu ziwiri pa injini yakeyo, kuti ndi ya lamba kapena ya tcheni, komanso ngati ili interference. Ma Toyota obwera pambuyo a 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE ndi a tcheni, alibe nthawi yoikika yosinthira koma tcheni imadalira oilo woyera, wosasintha oilo amaimva ikulira m'mawa. Ndipo olo yanga isaphwanye kanthu, kuzimirwa injini uli pakati popitirira lole si masewera.

Poti tatsegula kale, tasintha zonse zomwe zili kuseri kwa kava imeneyo, lamba, idler pulley (kawilo kokungira lamba) ndi sipuling'i yake, seal ya crank, seal ya cam, ndi water pump. Pampu pa injini iyi imazunguzidwa ndi lamba wa alternator osati wa timing, koma yakhala pomwepo kuti uifikire bwino umachotsa makava omwewo, nde kuisiya kunali kudzalipira ntchito imodzi kawiri. Yakale nditaigwedeza inali ndi kasewero, ndipo pa kabowo kake ka pansi panali mzere wa dzimbiri wouma, inali itayamba kale kudontha. Idler nditaizunguza pafupi ndi khutu imalira mokhakhala, beringi youma. Anthu amasintha lamba yekha kusiya idler yakale, pakapita miyezi beringi ikagwira imadula lamba watsopano uja.

Pobwezeretsa, chizindikiro cha crank pa 0, kabowo ka pa pulley ya cam kayang'anizane ndi chizindikiro cha pa bearing cap kuseri kwake. Atamanga anazunguza injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu kuona ngati zizindikiro zabwerera pamalo, asanagwire kiyi. Bawuti la crank pulley 118 Nm. Malamba akunja a alternator, power steering ndi AC nawo atsopano. Ndalemba tsiku ndi makilomita ndi maka ya penti pa kava kuti amene adzagule kwa ine asadzavutike kulota.

Tili pomwepo tasinthanso gasiketi ya valve cover ndi ma seal anayi a mabowo a mapulagi, chifukwa mu bowo la silinda yachitatu pulagi inali kusambira mu oilo. O-ring ya distributor nayo inali youma mpaka inathyoka ngati pulasitiki poichotsa, ndi imene imadonthezera oilo pamwamba pa giyabokosi, munthu ukhoza kuganiza kuti rear main seal, ya pakati pa injini ndi giyabokosi, yapita n'kutsitsa giyabokosi pachabe. Ndi chifukwa chake musanagule seal iliyonse tsukani injini kaye, yendani pang'ono, kenako tsatirani oilo kuchokera pamwamba penipeni pomwe panyowa.

Lachitatu usiku, zamagetsi

Ukatembenuza kiyi pa ON injini isanalire, nyali zonse za pa dashibodi zimayenera kuyaka, ya oilo, ya batire, ya check engine. Iyi muiyang'ane pogula, ngati ya check engine siikuyaka olo pa ON ndiye kuti babu lapsa kapena wina analizula dala. Yanga imayaka n'kuzima bwinobwino koma nthawi zina imabwera ndikuyenda.

Galimoto iyi ilibe soketi ya OBD2 ija ya mapini 16 pansi pa dashibodi, yolumikizirapo makina owerengera zovuta za injini. Ku America inakhala yokakamiza kuyambira 1996, ku Europe magalimoto a petulo 2001, nde zakale za misika ina zimakhala ndi njira yawoyawo. Pa Toyota ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mu boneti, umalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON, n'kuwerenga kuphethira kwa nyali. Yaphethira kawiri, kupuma, kamodzi, ndiye code 21, oxygen sensor, sensa yoyeza mpweya mu utsi wa ekizosi. Sindinathamangire kugula, chifukwa injini yakhala ikuyenda yozizira ndi petulo wambiri kwa nthawi yaitali, sensa ikhoza kukhala yangodetsedwa ndi mwaye. Ndazula fyuzi ya EFI kwa kanthawi kufufuta code, tiona ngati ibwerenso pano thermostat ilimo.

Mapulagi anayi onse anali akuda ndi mwaye wouma, zogwirizana ndi nkhani yomweyo, ndipo anali a mitundu iwiri yosiyana. Ndaika a wamba omwe buku limanena, sindinaone chifukwa cha iridium pa injini yoti mapulagi ake umawafikira mphindi zisanu. Amamangidwa injini itazizira ndipo umayamba ndi dzanja, mazinga a mu hedi ya aluminiyamu sachedwa kuonongeka. Mawaya a mapulagi ndawayang'ana mumdima injini ikulira, pa imodzi ndimaona timoto ta buluu tikudumphira pa chitsulo, seti yonse yapita pamodzi ndi cap ndi rotor ya distributor. Pochotsa chotsani imodzi imodzi, firing order ndi 1-3-4-2 mukasokoneza.

Batire litagona usiku likuwerenga 12.3 V, lodzadza limayenera kukhala cha m'ma 12.6, nde lafooka koma likadalipo. Injini ikulira 14.1 V, alternator ili bwino, pakati pa 13.8 ndi 14.5 ndi momwe timafuna. Mitu ya batire inali ndi zoyera zaufa, ndatsuka, komanso waya wa earth wopita ku bodi ndaumasula ndikupala pomwe umagunda. Chimene chandiopsa ndi choti batire silinamangidwe, limangoyendayenda pa thireyi, ndagula chomangira. Kuseri kwa wailesi kuli mawaya opotana ndi manja okutidwa ndi tepi yomatuka, imodzi yochokera ku batire mwachindunji opanda fyuzi, ndaidula kaye.

Giyabokosi

Apa pamakhala mkangano nthawi zonse, ena amati otomatiki yakale osaikhudza oilo ukasintha imafa. Mmene ndikuonera ine, nkhani zimenezo zimachokera kwa anthu amene anasintha oilo giyabokosi itayamba kale kutsetsereka, imafa inali kufa kale. ATF, oilo wa giyabokosi ya otomatiki, amayezedwa injini ikulira, itatentha, galimoto pamalo osapendekeka, utadutsitsa giya m'malo onse n'kubwerera pa P. Wanga pa kansalu koyera ndi wa bulawuni koma kufiira kukuonekabe ndipo sakununkha zopserera. Akanakhala wakuda wonunkha kupsa bwenzi ndikulankhula zina.

Sindinapange flush ya makina. Ndangokhetsa wa mu pani, yemwe ndi gawo chabe chifukwa wambiri amatsalira mu torque converter, ndayeza amene watuluka n'kubwezera wofanana, Dexron III. Pani ndinaitsitsa, pa maginito ake pali phala lotuwa losalala, limenelo ndi labwinobwino, choopsa ndi tizidutswa tonyezimira kapena takuda tokhakhala, ndipo mulibe. Sefa ndi gasiketi zatsopano. Ndidzakhetsanso ndikayenda pang'ono kuti watsopano achuluke. Amene muli ndi ya magiya atatu ya A131L dziwani kuti differential yake ili ndi oilo wakewake ndi bawuti lake lothirira, ambiri sadziwa nde imauma mpaka kulira. Ndipo mtundu wa ATF musalote, werengani pa dipisitiki kapena m'buku, ma Toyota apambuyo amafuna T-IV kapena WS, ndipo CVT, mtundu wina wa otomatiki, ili ndi fluid yakeyake, mukathira Dexron mmenemo mwaipha.

Kulowa kwa giya kuchoka yoyamba kupita yachiwiri kwafewako, kugunda komwe kumamveka polowetsa R kudakalipo koma ndikuganiza kuti ndi mounting osati giyabokosi.

Pansi pa galimoto

Filita ya petulo ija yamasuka tsopano, nditaipendeketsa mwatuluka petulo wa bulawuni. Mapaipi a labala a petulo ndawayang'ana onse, palibe fungo kapena kunyowa.

CV boot ya kunja kumanja, labala wokutira joint ya shafuti yozunguza wilo, yang'ambika, girizi wamwazika mkati mwa wilo yonse, koma pokhota chiwongolero mpaka kumapeto siikulira kuti tatata, nde joint yapulumuka, tatsuka, girizi watsopano, boot yatsopano. Ikanakhala miyezi ina ingapo mchenga ukanaimaliza. Wilo ikakhala m'mwamba umaigwira pamwamba ndi pansi n'kugwedeza, kusewera kumeneko ndi beringi kapena ball joint, ukagwira m'mbali ndi tie rod. Tie rod end ya kumanzere ikusewera, ball joint ya mbali yomweyo labala wake waphulika, zonse zasinthidwa mbali ziwiri. Ball joint siyofunika kuizengereza, ikazuka wilo imagona pansi galimoto ikuyenda. Mabushi a control arm ali ndi ming'alu koma sanalekane, adikire kaye. Mounting ya kumbuyo kwa injini yaduka pakati, ndi imene imagunda pa R ija.

Dzimbiri ndalifufuza ndi sikuludiraiva, kugogoda pansi pa zitseko, pomwe pamagwira jeke, pamwamba pa ma shock mu boneti, ndi pansi pa kapeti. Mu buti pomwe pamakhala sipeya munali madzi, akulowera pa gasiketi ya nyali ya kumbuyo, dzimbiri lake ndi la pamwamba chabe nde ndapala, mankhwala, penti. Mapaipi a chitsulo a mabuleki oyenda pansi pa bodi ali bwino. Ekizosi ili ndi kabowo pa joint ya pakati, ndipo utsi wolowa mkati uli ndi carbon monoxide yomwe ilibe fungo, nde imeneyo yapita kowotcherera tsiku lomwelo. Malamba a mipando ndawakoka mwamphamvu onse akugwira, wa dalaivala wayamba kusosoka m'mphepete, ndikusaka wina.

Pomwe ndafika lero

Matayala atsopano alowa, alayimenti yachitika, chiwongolero chili pakati. Muvi wa temperecha pano umakwera kufika cha pakati mphindi zochepa n'kukhazikika pompo olo pa mtunda. Code 21 yabweranso, nde sensa ija ndiyofunikadi kusintha, ndaitanitsa. Kautsi ka buluu ka m'mawa kadakalipo, ndikuyang'ana dipisitiki nthawi iliyonse ndikathira petulo ndipo ndikulemba mu kope kuti ndione kuti ikudya oilo wochuluka bwanji pa makilomita 1,000, ngati ndi wochepa ma valve stem seal ndiwasiya, ngati ndi wambiri tidzapangira limodzi ndi ma shim, tizitsulo tokonzera mpata wa mavalavu, chifukwa kumveka katiki-tiki mbali ya ekizosi injini ikazizira.

Ma shock akumbuyo lamanzere lanyowa oilo, amenewo ndi otsatira, awiriawiri, ndi mabushi a control arm. Power steering fluid ndi yakuda, ndiziyamwa ndi sirinji mu kabotolo n'kuthira yatsopano pang'onopang'ono. AC a makaniko akuti tisathire gasi tisanapeze pomwe wakale anathawira, nde Loweruka likubwerali tiyamba ndi kuyesa presha.